Moto wa M'phiri Uli ndi Mwini Wake

 Inu amene mwakhala pakhonde ku Goliyo kuthawa kutentha kwa m'nyumba, inu muli mu minibasi yopita ku Bangwe, inu amayi mukupakula nsima ku Nthukwa, ndi inu alonda amene ntchito yangoyamba kumene, takulandirani.

Tisanapite patali ndikupempheni kanthu kamodzi. Ngati mungathe, tulukani panja ndi wailesi yanuyo, mukweze maso kuphiri. A ku Ndirande ndi ku Machinjiri, phiri lanu ndi limodzi, mwangolikhalira mbali ziwiri. A ku Chilomoni yang'anani Michiru. A ku Zingwangwa yang'anani Soche. A ku Bangwe muli ndi phiri la Bangwe komanso Mpingwe. Nyengo ino ya Okutobala ndi Novembala, sipapita masiku ambiri osaona mkanda wofiira utazinga limodzi la mapiri amenewa, ukukwawa pang'onopang'ono kulowera kunsonga. Ana amauwerenga ngati nyali za mumsewu. Akuluakulufe timangoti, "Phiri lapsanso," kenaka n'kulowa m'nyumba kukagona.

Mawu amenewa ndi amene andibweretsa pano lero. Timati phiri lapsa, ngati kuti phiri limadzipsera lokha. Phiri silisunga machesi. Mwezi uno mphenzi yoti n'kuyatsa tchire ndi yosowa. Moto uliwonse umene mukuuona kumtundako unayamba ndi dzanja la munthu, ndipo munthuyo amagona m'makwalala mwathu momwemuno.

Tiyambe ndi nyengoyi. Kuno kwathu si kuchipululu. Kalahari ali kutali, Namib ali kutali. Komabe werengani miyezi. Mvula yeniyeni imatisiya mu Epulo. Kuchokera pamenepo timangolandira kamvula kowaza ka chiperoni m'miyezi yozizira, kosakwana n'komwe kunyowetsa nthaka. Pofika Okutobala udzu wakhala miyezi 5 kapena 6 osamwa madzi. Tsekera lauma gwa, ukaligwira limathyoka ngati chikuni chakale. Masamba ayoyoka, adzaza pansi. Dzuwa limatuluka lili kale ndi ukali, pofika masana likuswa mtengo, nyenje zili pakamwa yasa. Mphepo imene imawomba masana imakhala youma, yotentha, imamwa kachinyezi kalikonse kotsala, ndipo kamvulumvulu akadutsa amanyamula zinyalala kukazitaya kutsidya kwa msewu. Akanyamula zinyalala zoyaka, wanyamula moto. Kwa miyezi iwiri imeneyi, tchire la mu Blantyre silisiyana kwenikweni ndi tchire la m'mphepete mwa chipululu.

Ndipo kutenthaku kukunka kukulirakulira. Mukukumbukira mu Okutobala 2023, nthambi yoona za nyengo inachenjeza kuti kuchigwa cha Shire kutentha kufika madigiri 44. Ife a mu mzinda uno tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, choncho sitifika pamenepo, koma aliyense amene anagona m'nyumba ya malata sabata imeneyo akudziwa mmene thukuta linkanyowetsera mphasa. Chaka chotsatira, mu Malichi 2024, ng'amba ya El Niño inachititsa kuti boma lilengeze kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mvula ikachedwa kubwera, nyengo ya moto imatalika. Makolo athu anali ndi dzina la kamvula kamene kamagwa chakumapeto kwa chilimwe: chizimalupsa, mvula yozimitsa lupsa. Dzina lokhalo likutiuza kuti moto wa tchire ndi wakalekale, ndipo ankayembekezera kumwamba kuti kuwazimire. Masiku ano chizimalupsa chaka china chimabwera, chaka china timangomva mabingu kutali. Sitingasiyirenso mitambo ntchito yozima moto.

Tsono amayatsa ndani?

Loweruka lina ndinakwera kumunda kwa mlamu wanga, m'munsi mwa phiri kumbali ya Machinjiri. Ndinapezako anyamata atatu, wamkulu mwina wa zaka 14, ali ndi makasu awiri a mipini yaifupi, kachitini ka madzi ndi galu wowonda. Anali atayatsa kale. Moto unali utadya kadambo konse, pansi pali bii, utsi ukufukabe m'zitsa. Iwo anali kalikiliki kufufuza mauna, poti udzu ukapsa una wa mbewa umaonekera poyera. Wina ankakumba, wina atagwada khutu lili pansi, wachitatu akutseka mbuli ndi phazi. Nditawafunsa kuti apeza zingati, anandionetsa: mbewa 7, zina mwa izo tiakapuku tating'onoting'ono. Nditawafunsa za moto umene unali utalowera kumtunda, wamkuluyo anangoyang'ana kumeneko, n'kunena mwaulemu ndithu, "Uzima wokha, bambo."

Sunazime wokha. Unayaka mpaka usiku wa Lamulungu.

Anyamata amenewa sindikuwatenga ngati zigawenga. Kwawo ndiwo ndi yosowa, ndipo mpani wa mbewa ukagulitsidwa pamsewu umagula sopo ndi makope. Koma makolo anatiuza kale kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa. Phiri ndi nyumba ya anthu 800,000 ndi kuposerapo amene kalembera wa 2018 anatipeza mu mzinda uno. Mbewa 7 mbali ino, phiri lathunthu mbali inayo. Anawo sanaphunzitsidwe kuwerengera motero, ndipo amene sitinawaphunzitse ndi ife.

Si ana okha. Ino ndi nyengo yososa. Mayi kapena bambo waunjika mapesi ndi zinyalala m'munda wake wa m'mbali mwa phiri, wayatsa nthawi ya 11 koloko dzuwa lili pamutu, mphepo yatembenuka, moto walumpha malire. Wowotcha makala waphwasula uvuni n'kusiya makala amoto pansi. Wofula njuchi wataya muuni wake pa udzu. Woweta mbuzi akufuna msipu uphuke msanga. Wokapemphera kuphiri usiku wasonkha kamoto kowotha, m'mawa n'kutsika osathira dothi. Wina wangoponya kotsalira ka ndudu. Onsewa ndi anthu oti timawadziwa maina, timapemphera nawo, timakwera nawo minibasi imodzi.

Pali chinthu china chimene ambiri sitichilabadira: moto umathamanga kwambiri pokwera kusiyana ndi potsika. Malawi amaweramira kumtunda, n'kumawamba udzu wa kutsogolo usanafikiridwe, kotero ukamafika umangolandira ngati wothiridwa palafini. Kamoto kamene munakayatsa m'munsi mukuti mukathimitsa ndi nthambi, pakangopita mphindi zochepa kamakhala katakusiyani kutali. Ndipo moto wa mwezi uno ndi wosiyana ndi wa mu Meyi kapena Juni. A zankhalango amadziwa kutentha tchire koyambirira, udzu ukadali ndi chinyezi, m'mawa kapena madzulo kukuzizira. Moto wotero umangonyambita pamwamba, mitengo n'kutsala. Wa mu Okutobala umapsereza mpaka khungwa, umapha mphukira, umapha mbewu za mitengo zimene zinagwera m'nthaka kudikira mvula.

Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa kwambiri. Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko lino limakhala mu nyengo yobzala mitengo. Timakwera m'mapiri ndi nyimbo. Makampani amabwera ndi malaya a yunifolomu, masukulu amabwera, mipingo imabwera, atolankhani amajambula. Mbande za mibawa, mtangatanga, keshya, zimalowa m'nthaka zikwizikwi. Ndi ntchito yabwino, ndipo ine ndinabzalapo nawo. Koma bwererani pamalo omwewo mu Novembala. Mupeza timitengo tofika m'bondo titasanduka timakala, tayimirira m'mizere momwe tinabzalidwira, kapepala kakuda ka m'nazale katasungunukira patsinde. Mbande ya miyezi 9 singapirire moto wa tsekera lotalika kuposa munthu. Amene anailera mu nazale, kuithirira m'mawa ndi madzulo ndi madzi ogula pa kiyosiki, ntchito yake yonse yathera masana amodzi. Mtengo umabzalidwa tsiku limodzi, koma umapulumutsidwa mu Juni ndi Julaye polambula njira zotchinga moto ndi kupalira kuzungulira tsinde, ndiponso mu Okutobala polondera. Ntchito imeneyo ilibe nyimbo, n'chifukwa chake imasowa anthu.

Achikulire a ku Ndirande akuuzani kuti phiri lija linali nkhalango yowirira ya paini ndi bulugama, yotetezedwa ndi boma kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo munkachita mdima masana. M'zaka za m'ma 1990 nkhwangwa zinalowamo, ndipo pasanathe zaka zambiri munatsala miyala. Nkhwangwa inagwetsa nkhalango, koma chimene chakaniza nkhalangoyo kubwerera ndi moto wa chaka ndi chaka pamodzi ndi khasu. Zitsa zambiri za mitengo yachilengedwe zimaphukira zokha zikangosiyidwa. Zimafuna zaka zingapo zopanda moto, basi. Michiru, amene kwa nthawi yaitali anali phiri lokhalo lotsala ndi chovala chake, mwaona nokha a ku Chilomoni mmene wayambira kuvulidwa zaka zapitazi. Kumpoto, nkhalango ya Chikangawa, imene inali mahekitala 53,000 a paini, moto wakhala ukuidya chaka ndi chaka. Ku Mulanje mkungudza, mtengo wa fuko lathu, uli pafupi kutha, ndipo moto uli m'gulu la adani ake.

Wina anena kuti, "Nanga ine wa lendi ku Zingwangwa, ndilibe munda, sindidya mbewa, zikundikhudza pati?"

Zikukukhudzani m'mawa mukakaanula zovala n'kupeza timizere takuda ta udzu wopsa titamatirira pa malaya a sukulu. Zikukukhudzani mwana wa chifuwa cha mphumu akamabanika usiku chifukwa cha utsi. Zikukukhudzani pampopi. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita oposa 30, kukwera chitunda, pogwiritsa ntchito magetsi ochuluka. Gwero limene tili nalo pafupi, damu la Mudi, limadalira madzi otsika m'phiri la Ndirande, ndipo phiri likakhala lambee, mvula imakokolola dothi ndi phulusa kukazitaya m'damumo.

Ndipo zinatikhudza tonse mu Malichi 2023. Sindifuna kutosa bala, poti ena mwa inu mukundimvera munataya ana, makolo, nyumba. Namondwe wa Freddy anagwetsa mvula yoti ngakhale nkhalango yowirira ikanalemedwa nayo, zimenezo ndi zoona. Koma madzi aja atatsika m'phiri la Soche ndi matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba, kulowa mu Chilobwe ndi Manja, anapeza njira yosalala, yopanda mizu yogwira nthaka, yopanda masamba ochedwetsa liwiro lake. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Phiri limene timalionerera likuyaka mu Okutobala ndi lomwelo limene limatitsikira mu Malichi.

Zoterezi sizichitika kuno kokha. Mu Febuluwale 2024, ku Chile, dziko limene kumpoto kwake kuli chipululu cha Atacama, moto wa tchire unalowa m'midzi ya m'mapiri ozungulira mizinda ya Viña del Mar ndi Valparaíso. Kunali kotentha, kouma, kwamphepo. Nyumba zinali zothithikana m'mbali mwa zitunda, tinjira tili tating'ono. Anthu oposa 130 anafa, ena ali m'galimoto pothawa. Ndinaona zithunzi zake pa kanema, ndipo chimene chinandiopsa n'choti malowo ankaoneka ngati kwathu. Nafenso nyumba zathu zikukwera phiri chaka chilichonse. Kale pakati pa tchire ndi nyumba yomaliza panali mtunda. Lero tsekera limagunda mpanda wa bafa, ndipo mpandawo ndi waudzu.

Titsike m'phirimo tsopano, tilowe m'makwalala, poti nyengo yomweyi ndi imene moto wa m'nyumba umapezanso mpata. Chilichonse chauma: mitengo ya denga, mapepala apulasitiki ofolera, makatoni, matiresi. Magetsi akathima timayatsa kandulo. Mafuta akasowa pa malo omwetsera, ena amasunga petulo m'zigubu kuseri kwa chitseko, makamaka a kabaza wa njinga zamoto ndi ogulitsa m'mabotolo, ngakhale bungwe la MERA lakhala likuchenjeza za khalidwe limeneli. Petulo safuna kuti lawi limukhudze. Kukatentha chonchi mpweya wake umadzaza m'chipinda, n'kukakumana ndi mbaula ili pakhomo.

Chaka china, mwezi ngati uno, nyumba yachitatu kuchokera kwathu inapsa. Magetsi anali atathima, mayi wa m'nyumbamo anaimika kandulo pa mbale yapulasitiki pafupi ndi katani, n'kuthamangira kukagula tomato pamsewu. Ana awiri anali mtulo. Tinadzidzimuka ndi mfuu. Pampopi panalibe dontho tsiku limenelo, choncho tinathira madzi osungira kumwa, ndowa imodzi imodzi kuchokera m'nyumba iliyonse, ena akukumba dothi ndi manja. Mawindo anali ndi zitsulo zotchinga akuba, zowotcherera, zosatseguka. Mnyamata wina wowotcherera zitsulo anathyola chitseko ndi mpini wa khasu, n'kutulutsa anawo atawakulunga m'bulangete lonyowa. Anapulumuka, Mulungu ndi wamkulu. Galimoto ya ozimitsa moto inabwera, koma inaima kumsewu waukulu. Sikanatha kulowa. Kanjira kathu, kamene kale kankadutsa lole ya mchenga, tinali titakadya tokha: uyu wasuntha mpanda, uyu wamanga kagolosale, uyu waika chimbudzi. M'mawa mwake mayi uja anakhala pa njerwa akusefa phulusa ndi zala, kufunafuna chiphaso cha mwana wake cha Fomu 4. Anangopeza ngodya imodzi.

M'misika mwathu ndi chimodzimodzi. Msika wa Ndirande unapsapo, ndipo amalonda akale amakumbukira mmene mpamba wa zaka zambiri unathera usiku umodzi. Mabenchi a matabwa ogundana, mabelo a kaunjika, mawaya a magetsi olumikizidwa mwachisawawa kudutsa pamwamba pa malata, mbaula ya chiwaya yosiyidwa ndi makala amoto. Ngakhale nyumba zolimba sizinapulumuke: likulu la ESCOM pakati pa tauni linapsa mu Okutobala 2013, ndipo mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa ndi mabuku pafupifupi 45,000. Ngati zotere zimapsa, kuli bwanji benchi ya matabwa?

Mawu amodzi kwa amayi ndi onse olera ana, poti zimenezi zimapulumutsa moyo. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira oyera pabalapo kwa mphindi 20, osaleka msanga. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta ophikira kapena dothi. Musaboole matuza. Phimbani ndi nsalu yoyera, muthamangire naye kuchipatala. Ku Queen Elizabeth kuli chipinda chapadera cha anthu opsa ndi moto, ndipo ambiri ogonamo ndi ana aang'ono. Ngati m'banja muli wodwala khunyu, asakhale yekha pafupi ndi moto.

Lamulo lilipo. Lamulo la zankhalango la 1997, limene linakhwimitsidwa mu 2020, limaletsa kuyatsa moto m'nkhalango zotetezedwa, ndipo zilango zake ndi zowawa. Koma alonda a nkhalango ndi ochepa, phiri ndi lalikulu, ndipo sangaime pa una uliwonse wa mbewa. Amene amaona mwana akutuluka ndi khasu ndi machesi ndi mayi ake. Amene amadziwa mwini munda umene moto unayambira ndi mnansi wake. Timakhala chete poopa kudana, timati za eni. Koma mnzako akapsa ndevu umamuzimira, ndipo ndevu zimene zikupsa apa ndi za tonse. Kukhonsolo ya mzinda ndi kwa makhansala athu tili ndi ufulu wofunsa kuti galimoto zozimitsa moto zilipo zingati zoyenda, mipopi yotungapo madzi ozimitsira moto ili pati m'madera mwathu, ndipo ndani akuonetsetsa kuti tinjira tisatsekedwe. Tifunse mosaopa, pamisonkhano ya chitukuko, nyengo ino moto usanatifike.

Pali anthu amene akugwira kale ntchitoyi mwakachetechete. M'mbali mwa mapiri athu muli magulu a amayi ndi achinyamata amene amalambula njira zotchinga moto popanda malipiro, ndipo utsi ukangooneka amathamangira kumtunda ndi nthambi zaziwisi, nsapato zawo zili zapulasitiki. Pamene iwo asamala, mukapita mukaona kusiyana ndi maso anu: mbali ino mitengo yofika pamutu, mbali inayo phulusa, pakati pali kanjira kolambulidwa ka mamita ochepa chabe. Anthu amenewa akufunika makasu, zikwanje, nsapato zolimba, ndiponso manja ena. Makampani amene mumabwera ndi mbande mu Januwale, bweraninso mwezi uno mudzaone ngati zili moyo, ndipo pa ndalama ya mbande muzipatulako ya olondera.

Inu a mfumu, itanani anthu anu sabata ino, musadikire maliro. Abusa ndi mashehe, Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu likubwerali nenanipo mawu, ndipo amene mumakwera kuphiri kukapemphera muzitsika mutathira dothi pamoto wanu. Aphunzitsi, afunseni ana m'kalasi kuti ndani anapitako kokasaka mbewa, muwafotokozere osawakalipira. Inu amene mukusosa, kwirirani mapesi m'mizere asanduke manyowa. Ngati simungachitire mwina koma kutentha, lambulani kuzungulira, yatsani madzulo mphepo itagona, ndipo musachoke mpaka phulusa litazizira.

Ndipo inu amene munatuluka panja paja ndi wailesi, musanalowe m'nyumba yang'anani kandulo yaima pati, mbaula yazima kapena ayi, chigubu cha petulo chili kuti, ndipo kiyi wa chitseko aliyense m'nyumbamo akudziwa pamene ali. Ngati kuphiri kukuoneka kofiira, imbirani a mfumu kapena a komiti ya zachilengedwe usiku womwe uno, musadikire kuti kuche.